Khomo Limene Ndinatsekulira Elube

Usiku wathawu ndinalota, anzanga, ndipo musanayambe kundimasulira ngati mumasunga mabuku a maloto m'madilowa mwanumo, yambani mwamva. A Chikafa, siyani kaye kuchonga mayesowo, anawo analephera kale asanalowe m'kalasi. Amayi Namalomba, tiyi wanuyo sathawa.

Za mlongo wanga Elube mukudziwako pang'ono. Ali ku Kepitauni, ndipo sabata yatha anabereka mwana wamwamuna. Pabanja pathu mwana woyamba wa mwana wamkazi amatchedwa dzina ndi agogo ake aamuna, pakamwa pawo, osati kudzera mwa mthenga. Bambo ataona kuti matenda awapanikiza, ali kunyumba kwanga ku Chinamwali kuja, anandiuza kuti ndiwajambule vidiyo. Ndinabwereka kamera ya pasukulu pano. Munthu wina akanangotchula dzina n'kugona, koma bambo anayambira kwa agogo a agogo awo akuwoloka Ruo ndi mbuzi zitatu, n'kumatsika mbadwo ndi mbadwo, mpaka dzinalo linadzatuluka pa mphindi ya 47. Kenako anandiloza chala. "Dzina limeneli lisatuluke pakamwa pako. Elube alimve kwa ine." Patatha masiku naini tinawaika m'manda.

Mawa Loweruka mwanayo akutuluka m'chikuta. Vidiyoyo ikapanda kufika, akuchimuna anena kale kuti amutcha Juniya. Juniya, anzanga. Munthu wamoyo, wa maso awiri ndi tsogolo lake, kumupatsa dzina ngati chigawo cha ku pulayimale.

Fayilo yake ndi yaikulu moti foni inangoiyang'ana n'kukana. Ndiye tinagwirizana ndi Elube kuti titumizirane pa pulogalamu yochezerana ya pakompyuta, imene imachotsa katundu pa makina ako n'kulunjika naye pa makina a mnzako. Koma kuti zitheke, kompyuta ya Elube iyenera kubwera kudzaodira pa rauta yanga, kabokosi ka intaneti kaja, n'kupeza polowera. Ife akatswiri timati kutsekula poti, koma inu ophunzitsa Baibulo ndi zaulimi ingomvani kuti khomo. Ukatsekula khomolo umalembanso nambala ya chipangizo cha m'nyumba mwako chimene mlendo akafikire, chifukwa rauta imapatsa foni iliyonse ndi laputopu iliyonse nambala yake ngati zipinda za resiti hausi. Ine Lameki Sauzande, mphunzitsi wa makompyuta kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndinachita zimenezi Lolemba m'mphindi ziwiri zokha. Ndinatsekula khomo 6120, n'kulemba kuti mlendo akafikire chipinda 4. Mkazi wanga Esinati anasuzumira ali pa makina ake osokera nati, "Bambo a Tadala, kodi nambala folo imeneyo si..." Ndinamudula. "Mayi a Tadala, ine ndimakufunsani za mazipi?" Kuyambira Lolemba limenelo mpaka dzulo, kamzere koonetsa ulendo wa fayilo kanali pa ziro. Ndinagona nditanyoza kampani ya intaneti, opanga rauta, ndi Elube yemwe, amene ndinali wotsimikiza kuti sakudziwa podina.

Ndiye m'malotomo kunali dzuwa la masana, lija losungunula phula pamsewu, ine nditaima pabalaza panga nditasenza mtolo. Mtolowo ndiye fayilo ija, yokulungidwa m'bulangete lofiirira la bambo, ndipo unkayankhula ndi mawu awo pamwamba pa mutu wanga: "Ndiye a Sauzande oyambawo atafika pa Ruo anapeza madzi adzaza." Ndinadziwa pompo, mmene munthu amadziwira zinthu m'maloto, kuti vidiyo yayamba kusewera yokha, ndipo ikafika pa mphindi 47 Elube palibe, dzina litayikira pansi ngati madzi otsukira mbale.

Mwadzidzidzi rauta ija, imene imakhala pamwamba pa kabati, inali itakula ngati depoti ya mabasi, tinyanga take tiwiri titaboola denga, koma kansalu koluka kamene Esinati amaiphimba nako kuopa fumbi kali pamutu pake ngati chipewa cha mlonda. Inandiphethira ndi maso obiriwira.

"Dzina?" inatero.

"Adimini."

"Mawu achinsinsi?"

"Adimini."

"Zaka zinayi ndili m'nyumba mwanu, bwana, chinsinsi chake n'chomwecho chimene ndinabwera nacho m'katoni. Ndi nkhuku za aneba zomwe zimalowa nacho."

"Iwe ndiwe kabokosi ka pulasitiki," ndinatero. "Ntchito yako ndi kuphethira. Ndinakuuza Lolemba kuti utsekule khomo la mlongo wanga."

"Ndinatsekula."

"Ukunama."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bwana. Lowani mukadzionere."

Ndiye ndinalowa, ndipo m'kati munali likole lalitali losaoneka kothera, makomo uku ndi uku, onse pamodzi 65,535. Sindinachite kuwerenga, ndimaphunzitsa zimenezi ku Fomu 3. Pafupifupi onse anali ndi maloko, koma limodzi linali yasa, ndipo apo ndiye panali msika. Ankalowa mavidiyo a anthu akugwa pa njinga, maulosi a mpira, zithunzi za maluwa zolembedwa kuti mwadzuka bwanji, ndi mauthenga aja a m'magulu a mpingo akuti tumizani kwa anthu khumi mudalitsike lisanalowe dzuwa. Uthenga wina wotere unandiponda phazi osapepesa. Zinyalala zonse za dziko zimadutsa popanda wozifunsa, koma mawu omaliza a munthu amene anagwira ntchito ya unamwino zaka makumi atatu akuuma pa ziro. Mtolo pamutu panga unali pa mphindi 9, mbuzi imodzi itakokoloka ndi madzi.

Mwadzidzidzi ndinali pa mzere mu ofesi, chikwangwani chake cholembedwa kuti Ofesi Yoona za Makomo, Mazenera ndi Ming'alu. Pawindo panakhala mayi wa bulauzi yakuda ya kolala yoyera, zomvetsera zili kumakutu.

"Zikomo chifukwa chotiimbira," anatero. "Kuimba kwanu ndi kofunika kwa ife."

"Mayi, sindikuimba. Ndaima pamaso panu."

"Ngati mwaima pamaso pathu, dinani wani."

Panalibe chodina, ndiye ndinadina mphuno yanga, ndipo analandira.

"Mwayesapo kuzimitsa rauta yanu n'kuyatsanso?"

"Ndili m'kati mwake, mayi. Ndikazimitsa tithima tonse."

"Ndiye vuto lili kumbali yanu."

"Simunamve n'komwe vuto lake."

"Mavuto onse amakhala kumbali ya kasitomala, bambo. Tinaphunzira choncho ku semina."

Akunena zimenezi mlomo wake unayamba kutalika ndi kuuma, manja anamera nthenga, kolala ija n'kumatirira pakhosi, ndiye ndinangoona khwangwala ali pampando, zomvetsera zikadali kumutu. Analumpha n'kutera pa mtolo wanga nayamba kujompha bulangete la bambo, akufunsa ngati ndingakonde kupereka maganizo anga pa mmene andithandizira. Ndinamuuza kuti maganizo anga sangathe kulembedwa pa fomu ya anthu opemphera.

Ndiye anandilozera kwa bwana wamkulu, ndipo chitseko chake chinayankhula ndisanagogode. "Ali pa msonkhano," chinatero. Ndinachikankha. Bwanayo anali yekha, mafoni atatu ali patebulo, akuchotsa nyama m'mano ndi kona ya chidindo.

"Khomo 6120," ndinatero. "Mlongo wanga akuyenera kulowa lero."

"Mwabweretsa kalata ya mwini nyumba?"

"Nyumba ndi yanga."

"Ndiye mudzilembere kalata. Tikufunanso chithunzi cha fayiloyo, chooneka makutu onse awiri."

"Fayilo ilibe makutu, bwana."

"Ndiye imva bwanji tikaiitana?"

Mafunso otere ndi amene amakweza anthu pantchito m'dziko muno. Ndinalemba fomu yake ya masamba seveni nditaima, mtolo uli pamutu. Nditamupatsa anainunkhiza, ndevu zake n'kusongoka, timakutu n'kugwa, tayi n'kusanduka chingwe, ndipo ndinaona tonde wonona atakhala pampando wozungulira akutafuna tsamba loyamba. Anadya onse seveni pamodzi ndi kawaya kolumikizira. Atamaliza anageya n'kudzisisita pamimba ndi chiboda.

"Pempho lanu lalowa m'dongosolo," anatero. "Lituluka pakatha masiku atatu ogwira ntchito."

"Mwana akutuluka m'chikuta mawa."

"Muuzeni adikire. Kapena onanani ndi wokonza wathu, ali panjira."

Mwadzidzidzi ofesi ija inapindika ngati mphasa, ndipo ndinali pa msewu wafumbi, wokonza uja ali patsogolo panga, ovolosi yabuluu ili pathupi, makwerero ali paphewa, akuyankhula pa foni. Foni yake inkalira m'thumba mwanga. Ndinayankha.

"Bwana, ndili pakona pompano," anatero.

"Ndikukuonani. Simukuyenda."

"Kona yake ndi yaitali, bwana."

"Munanena zomwezi Lachiwiri."

"Ndi yomweyo."

Ndikumuyang'ana choncho, makwerero aja anauma n'kukhala chigoba, khosi n'kuchita makwinya, ndiye anangokhala fulu mu ovolosi. Ananyamula mwendo umodzi, anauyang'ana kwa nthawi, n'kuubwezera pomwe unali. Kenako analowetsa mutu m'chigoba, ndipo m'katimo munamveka mawu a mayi akuti nambala imene mwaimbayi siikupezeka pakadali pano. Mtolo unali pa mphindi 23. Bambo anali atafika pa chaka cha njala, pamene agogo Nasibeko anakwatiwa ndi telala wa ku Luchenza chifukwa cha thumba limodzi la makaka. Khosi langa linayamba kuwawa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinachita mantha.

Ndiye panatulukira akabaza awiri, njinga zawo zopakidwa mitundu. Wina anali wonenepa, wa magalasi, buku lalikulu lili kukhwapa. Wina anali wowonda, wopanda nsapato, akupalasa ngakhale ataima.

"Ine ndine Tisipi," anatero wonenepayo. "Katundu wanu ndimudula tizidutswa, ndipo kachidutswa kalikonse kakafika wolandira asainire. Akapanda kusaina ndibwerera kudzatenganso komweko. Sinditaya kanthu, koma ndisanayambe tipatsane moni katatu."

"Ine ndine Yudipi," anatero wowondayo. "Ndimangoponya pa mpanda n'kuthawa. Chafika chafika."

"Nanga chikapanda kufika?"

"Simunandifunse zimenezo polemba ntchito."

"Dzina la mwana lili m'kachidutswa komaliza," ndinatero.

"Mwina lifika theka," anatero Yudipi. "Theka la dzina ndi dzinabe. Anthu ambiri amaitanidwa ndi theka."

Ndinakwera ya Tisipi. Tinapatsana moni katatu monga ananenera, moni, moni ndamva, ndamva kuti mwamva, ndiye tinanyamuka. Munthu ameneyu ankaima pa mtengo uliwonse kufunsa ngati tadutsadi mtengo wapitawo. Yudipi anatidutsa kanayi, akuponya makalata a anthu m'minda ya chimanga. Awiriwa ndi amene anyamula nkhani zonse za dziko lapansi, anzanga, ndiye musamadabwe mukamva kuti anthu sakumvana.

Mwadzidzidzi njinga inasanduka benchi, Tisipi kulibe, ndipo kutsogolo kwanga kunali mpanda wa moto, uja timati umateteza kompyuta kwa akuba. Unali mpanda weniweni wa malawi, wautali ngati wa ndende, ndipo amayi atatu anali atakhala m'munsi mwake akuwotcha chimanga chogulitsa. Apa ndiye ndinati ndamupeza mfiti wanga.

"Ndiwe," ndinatero. "Masiku anayi ukubweza mlongo wanga."

Mpandawo unathetheka mokhala ngati ukuusa moyo. "Aliyense zikamukanika amanamizira ine. Munthu waiwala kulumikiza chingwe, akuti mpanda. Wadina polakwika, akuti mpanda. Aphunzitsi, munandiuza Lolemba kuti wobwera pa 6120 ndimulole, ndipo ndakhala ndikumulola. Mayi wa mwana kumsana, wa duku yachikasu. Amabwera m'mawa, masana ndi madzulo. Amandipatsanso moni, zimene inu simunachitepo."

"Elube amabwera?"

"Dzulo anabwera kasanu ndi kamodzi."

"Ndiye amabwerera chifukwa chiyani?"

"Ine ntchito yanga imathera pano. Kumene mumalozera alendo anu ndi nkhani ya m'nyumba mwanu."

Mmodzi wa amayi aja anatembenuza chimanga n'kunena osandiyang'ana, "Safunsa anadya phula." Ndinamuyankha kuti ine miyambi ndinakhoza bwino pa mayeso, asamale chimanga chake chikupserera. Koma mtolo unali pa mphindi 38, ndipo bambo anali atafika pa ukwati wawo ndi mayi.

Ndiye malawi anapatuka, ndinadutsa, ndipo ndinaliona khomo 6120. Linali lotsekula, anzanga, chitseko chili yasa, chotchingidwa ndi njerwa kuti mphepo isachitseke. Pansi panali muvi wojambulidwa ndi choko, ndipo dzanja lake ndinalizindikira chifukwa ndimaliona pa bolodi tsiku lililonse. Muviwo unalembedwa kuti alendo onse chipinda 4.

Ndikuwerenga choncho ndinamva mawu kunja. "Odi. Odi kuno."

Anali Elube, duku yachikasu, mwana kumsana, mapazi otuwa ngati wayenda pansi kuchokera ku Kepitauni. Kumbuyo kwake, chapatali pang'ono, kunali akuchimuna onse atavala masuti, atanyamula keke yaikulu yolembedwa kuti Juniya. Ndikuwayang'ana masuti aja anachita mawangamawanga, makosi n'kusupuka, ndipo linali gulu la nkhanga likuyenda mondondozana, keke ili pakati, zikulira dzina lawo lija mosalekeza.

"Elube, ndili pano," ndinaitana. "Katundu wako ndi uyu."

Sanandimve ndipo sanandione. Mlendo wa pa khomo limenelo saona munthu, amangotsata muvi. Anadutsa pafupi nane moti ndinamva fungo la mafuta a mwana, n'kulunjika m'kanjira mpaka pa chitseko cholembedwa 4. Anagwada pang'ono n'kuomba m'manja.

"Odi. Achimwene, ndine Elube. Ndabwera kudzatenga mawu a bambo."

Zii.

"Odi."

Anadikira, anasuntha mwana kumsana, anaodiranso kachitatu. Kenako anadzipukuta kumaso ndi nsonga ya duku n'kutembenuka. Nkhanga zija zinasendera pafupi ndi keke yawo. Ine ndinapsa mtima, koma tsopano sindinkadziwa wopsera mtima. Laputopu yanga ili m'chipinda chimenecho, ndinkatero mumtima, bwanji siikuyankha? Ndinakankha chitseko ndi phazi kuti ndikaikalipire.

Munalibe laputopu. Munali mdima, ndi fungo la mankhwala opaka aja a m'kabotolo kobiriwira. Pabedi panakhala bambo, atavala juzi yawo ya mabatani osiyana, manja ali pamaondo, pambali pawo pali kafoni kawo kong'aluka galasi, komangidwa ndi labala, kozima.

"Lameki," anatero. "Tula mtolowo, uthyoka khosi."

"Bambo, mukutani muno?"

"Si iwe unandiika muno? Nditabwera kudzadwala unati foni yanga izikhala pa folo, pamene pankakhala makina ako, kuti isamasochere Elube akamaimba. Makina ako unawasamutsira ku seveni. Unachita bwino, mwananga, ndinayamika. Unandisiyiranso chipinda chako chogona."

Mwadzidzidzi pakona panalira makina osokera a Esinati, opanda munthu, phazi lake likudzipalasa lokha. "Ndinayamba kukufunsani Lolemba," anatero makinawo ndi mawu a mkazi wanga. "Munandiuza nokha mwezi wa Meyi kuti ndilembe folo pa kapepala ndimate kumbuyo kwa foni ya bambo. Koma ine ndi wa mazipi."

Makinawo ankanena zoona, anzanga. Lolemba lija sindinayang'ane mndandanda wa zipinda. Ndinalemba 4 kuchokera m'mutu, nambala imene laputopu yanga inakhala nayo zaka zinayi, chifukwa katswiri sayang'ana. Khwangwala uja, tonde uja, fulu uja, onse ndi zitsiru ndithu ndipo sindikubweza mawu, koma palibe mmodzi mwa iwo amene anatumiza mlongo wanga kukaodira pa foni ya munthu wakufa.

"Masiku anayi mwana wanga akuodira pakhomo panga," anatero bambo. "Ndikumumva. Liwu lake ndikulidziwa, ndi lija ankaodira nalo akachedwa kuchokera kusukulu. Koma ine ndilibenso poyankhira, Lameki. Ukudziwa kuwawa kwake kumva mwana wako akuti odi, iwe osatha kunena kuti lowa?"

Ndinalira. Ndikunena poyera, a Chikafa, sekani ngati mukufuna. Pamaliro sindinalire chifukwa ndinali wotanganidwa ndi kulongosolera anthu mmene angaimikire tenti, koma m'chipinda chimenecho ndinalira ngati mwana wa sitandade wani.

"Pepani, bambo."

"Pepani sakonza nambala. Choko uli nacho m'thumba, umayenda nacho ngakhale ku maliro."

Ndinathamangira ku muvi uja, mtolo ukugwedezeka, uli pa mphindi 46. Bambo a mu mtolo anali akunena kuti, "Tsono iwe Elube mwana wanga, tchera khutu." Ndinafufuta 4 ndi chigongono, koma choko chinasanduka chinangwa, chinangwa chinasanduka kandulo, kandulo n'kukhala chala changa chomwe. Elube anali atafika kale pa khomo, akutuluka, nkhanga zikumuzungulira, imodzi itanyamula mpeni wodulira keke. Ndinalemba 7 ndi chala pafumbi. Elube anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono, anayang'ana pansi, n'kuyang'ana ine, ndipo ulendo uno anandiona.

"Achimwene," anatero, "ndakhala ndikubwera tsiku lililonse."

Mtolo unamasuka wokha pamutu panga, bulangete n'kugwa, bambo n'kukonza kukhosi kuti atchule dzina. Anatsekula pakamwa. Anatsokomola. Kho, kho. Anatsokomolanso, chifuwa chouma chosatha, kho, kho, khooo, kenako phwaa.

Unali mpopi wa panja, anzanga. Madzi anali atabwera patatha masiku atatu, mpopi ukutsokomola mpweya mmene umachitira, ndipo Esinati anali akukoka ndowa pasimenti.

Ndinadzuka osavala n'komwe malaya. Ndinatsekula dilowa ya kabati mmene tinasungamo zinthu za bambo, ndinatenga kafoni kaja n'kukatembenuza. Kapepala kanali pomwepo, 4 wolembedwa ndi dzanja la mkazi wanga. Ndinayatsa laputopu, ndinafufuta nambala imodzi, ndinalemba ina. Sipanathe nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya madzi, kamzere kaja kanachoka pa ziro. Ku Kepitauni kunali kusanache bwino, koma Elube anali kale pa kompyuta akudina, mwana ali pamiyendo.

Esinati analowa ndi ndowa pamutu, anayang'ana kamzereko, anayang'ana foni ya bambo m'manja mwanga. Ndinadikira kuti anene za mazipi. M'malo mwake anatula ndowa n'kufunsa ngati madzi osamba ndikufuna otentha, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Pamene ndimanyamuka kubwera kuno kamzere kaja kanali pa 88 mwa 100. Uthenga walowa ndili pa geti la sukulu, ndi uwu, onani nokha: "Yafika yonse. Tamvera ndi bambo ake a mwana mpaka kumapeto. Keke ija akuti akaisintha."

Dzinalo musandifunse, amayi Namalomba. Silituluka pakamwa panga. Mudzalimva mawa kwa Elube, monga analimvera kwa agogo a mwanayo.